Kanyalugwe ka tsitsi lobiriwira kali m'kabati ya amayi

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ku Balaka kukaona amayi, nde tili pabalaza tikumwa thobwa, mwana wanga wamkazi uja wa zaka seveni akungotakataka monga mwa nthawi zonse, kenako ndikungomva "adadi, kamphaka aka n'kandani?" Kutembenuka ndikuona watsegula kabati ya agogo ake, ija amasungamo mbale za alendo zomwe chigulireni palibe anadyerapo, ndipo m'manja mwake wanyamula Zakumi. Eeh abale, Zakumi weniweni, kapena ndinene kuti Zakumi wabodza weniweni, chifukwa amene anali wanga anali wabodza ndithu, ndifotokoza. Tsitsi lija lobiriwira linasuluka lili ngati masamba a mpiru ogonera, diso limodzi linafufutika, koma kumwetulira kuja kudakalipo. Ine ndinali nditaiwaliratu kuti kachidole aka kalipo padziko pano.

Kwa ana a dzana amene mwayamba kuonera mpira nthawi ya Mbappé, Zakumi anali mascot wa World Cup ya 2010 ya ku South Africa. Mascot ndi chidole chija mpikisano uliwonse waukulu umakhala nacho, chimajambulidwa pa matikiti, pa ma T-shirt, pa makapu, ndipo ku stadium mumaona chachikulu muli munthu mkati chikuvinavina m'mbali mwa bwalo n'kumajambulitsa ndi ana. Uyu anali nyalugwe wachikasu, tsitsi lobiriwira, kabudula wobiriwira, T-shirt yoyera yolembedwa South Africa 2010. Anamujambula ndi mkulu wina wa ku Cape Town dzina lake Andries Odendaal ndipo anamuonetsa koyamba mu September 2008. Mpaka anamupekera mbiri, ati tsitsi analidaya dala kuti azibisala bwino pa kapinga wa bwalo, ati anabadwa pa 16 June 1994. Tsikulo silinangosankhidwa mwachisawawa, 16 June ndi tsiku lomwe amakumbukira ana asukulu a ku Soweto amene anaomberedwa mu 1976, ndipo 1994 ndi chaka cha chisankho chomwe chinalowetsa Mandela m'boma. Ifenso kwathu kuno 1994 yomweyo ndi pomwe tinavota pa chisankho cha matipate chija, nde Zakumi ndi mnzake wa ana onse amene sanaimbepo nyimbo za Kamuzu pa sukulu.

Koma chomwe chinatigwira mtima ife Amalawi a ku Joni chinali dzina. ZA ndi chidule cha South Africa, kumi ndi teni, kutanthauza 2010. Nde tangomvani, kumi, khumi, kusiyana kwake mpweya basi. Azulu amati ishumi, Ashona amati gumi, Aswahili ndi amene amati kumi ndendende, koma ife tinkalimbikira kuti dzinali ndi Chichewa chenicheni, "za khumi", ngati momwe wogulitsa mandasi amanenera kuti izi ndi za teni izi za twente. Mnzanga wina wa ku Tanzania amene tinkagona nyumba imodzi ankapsa mtima zedi, amati inu Anyasa mumangofuna kulanda chilichonse, nyanja yomwe munalanda kale. Tinkaseka mpaka misozi. Ndipo nthabwala ya "za khumi" inadzatitembenukira, chifukwa mpikisano usanathe tidoleto tinatigulitsadi pa R10.

Ine ndinafika ku Joni mu 2009, pa basi kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, matako kuchita kufa dzanzi. Achimwene anga anali atakhalako kale zaka zingapo ndipo ndi amene anandipezera ntchito ya m'munda kwa mzungu wina, kutchetcha kapinga, kusesa masamba, kusamala swimming pool yomwe sindinaikemo ndi chala chomwe. Mkati mwa sabata ntchito, Loweruka ndi Lamlungu geni. Chakumayambiriro kwa 2010 aliyense anali atapenga ndi World Cup, Lachisanu lililonse anthu kuntchito kuvala jezi yachikasu ya Bafana, timu ya dziko la South Africa, nde achimwene anati "iwe, ndalama zili pa maloboti, tiye tikaode katundu." Tinapita kumashopu aakulu a ma China aja a cha ku Crown Mines, tinagula mbendera, ma vuvuzela, timasokosi tija tovekera magalasi a m'mbali a galimoto, ndi chithumba chimodzi chadzaoneni cha ti Zakumi.

Tikutsegula chithumbacho kunyumba, koma ndinaseka. Panalibe awiri ofanana. Wina maso akuyang'ana uku ndi uku ngati bilimankhwe, wina mawanga anangomupaka mbali imodzi, wina tsitsi likuthothoka ukangomugwedeza, wina pachifuwa analemba South Afirca. Tinakhala pansi usiku onse ndi super glue ndi cholembera chakuda, ine kumata tsitsi achimwene kuwonjezera mawanga, mnzathu wa ku Tanzania uja ali pa bedi kumangoti mupita kundende inu. Zenizeni za m'mashopu akuluakulu zinkakhala ndi kachikwangwani konyezimira kosonyeza kuti FIFA yavomereza, ndipo mtengo wake unali woti munthu wa m'munda ngati ine ndikagula ndiye kuti ndagwira ntchito tsiku lonse chifukwa cha chidole. Zathu tinkayambira R50, munthu akakakamira mpaka R30 timapereka.

Kugulitsa pa loboti ndi luso lapalokha, musamaone ngati n'zophweka. Uli ndi nthawi yochepa kwambiri getsi lofiira lisanasinthe, nde suyang'ana dalaivala, umayang'ana mpando wakumbuyo. Ukangoona mwana, umakweza Zakumi pa windo n'kumugwedeza dzanja ngati akupereka moni, basi ntchito yatha, otsalawo amalize okha mkatimo. Mwana ayamba kulira, amake kutsitsa galasi pang'ono, "how much", iwe n'kutchula mtengo uku ukuthamanga kutsatira galimoto chenji ili m'kamwa. Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti mascot sapangira ife anthu a mpira. Ife timafuna chigoli. Chidole amapangira mwana wa zaka faifi amene sadziwa offside, ndi azakhali ake amene abwera kudzaona dziko ndipo akufuna kanthu kokaonetsa kwawo. Amene anaganiza zimenezi anali wochenjera pa nkhani ya ndalama, ndimamuvulira chipewa.

Chinandiseketsa china n'choti pamene ife tinkabisa zidole zathu poopa kuti ndi za ku China zabodza, kunatuluka nkhani m'manyuzipepala yoti ena mwa ma Zakumi ovomerezeka aja akupangidwanso ku China komweko, ku fakitale ina ya ku Shanghai, ndipo ogwira ntchito kumeneko akulandira tindalama tochepa zedi. A COSATU, bungwe lalikulu la ogwira ntchito lija, anakwiya kwambiri, amati zikutheka bwanji chidole choimira South Africa chisokedwe kunja pamene mafakitale a nsalu a m'dzikomo akutsekedwa anthu ali pa ulova. Anali ndi mfundo. Achimwene atamva anangoti "nde kusiyana kwa wathu ndi wawo ndi sitika basi", n'kupitiriza kujambula mawanga.

Sitikayo inatipweteka tsiku lina. Malamulo a nthawi imeneyo sankalola kugulitsa chilichonse pafupi ndi ma stadium ngati ulibe chilolezo, ife tinkadziwa, koma dyera. Tinayandikira pang'ono chifukwa kumeneko ndi komwe kunali alendo a ndalama, nde tisanagulitse ndi zisanu zomwe anthu ovala yunifomu anangotulukira, ine thumba phuu pansi liwiro, achimwene anagwidwa n'kulandidwa zonse ndipo anabwerako madzulo ali chete, m'thumba mulibe ndi ya taxi yomwe. Mwayi kunyumba kunali kutatsala theka la katundu. Usiku umenewo palibe anatchula za khumi.

Tsiku lotsegulira, 11 June, sindidzaiwala. Kuzizira kwa June wa ku Joni kumalowa mpaka m'mafupa koma tsiku limenelo palibe anamva, mzinda onse unali phokoso la vuvuzela kuyambira m'mawa ngati njuchi zalowa m'mutu. Tinaonera pa TV yaikulu pabwalo lina, ndipo Siphiwe Tshabalala atamenya chija cha kumanzere ku Soccer City motsutsana ndi Mexico ndinakumbatiridwa ndi bambo wina wonenepa amene sindinkamudziwa, kundinyamula m'mwamba ndithu, osandifunsa kuti ndine wakuti. Masewero anatha 1-1 koma ife tinagulitsa chilichonse chomwe tinanyamula. Kenako panabwera 16 June, tsiku lobadwa la Zakumi, ati akukwanitsa zaka 16, nde mphatso yake inali yotani? Uruguay 3, Bafana 0 ku Pretoria, Forlán kumwetsa ziwiri, goloboyi Khune kupatsidwa kadi yofiira. M'mawa mwake pa loboti anthu sankafuna n'kutiyang'ana komwe. Bafana inadzagonjetsa France 2-1 koma sizinathandize, inatuluka m'magulu momwemo, ndipo mtengo wa Zakumi unatsika ngati tomato wa pa Jenda nthawi ya dzinja lake. Tinasinthira ku mbendera za Ghana, zinayenda bwino ndithu mpaka usiku uja Suárez wa Uruguay anagwira mpira ndi manja pa mzere, Gyan wa Ghana n'kumenyetsa penate pa chitsulo. Za usiku umenewo tisiye, mpaka lero ndikaona nkhope ya Suárez ndimasintha tchanelo.

Pali chinthu china chomwe anthu amene anaonera World Cup ija pa TV ali kumudzi sadziwa. Nthawi yonse yomwe tinkaimba kuti Africa ndi imodzi, m'mataxi ndi m'makomboni munkamveka manong'onong'o oti mpira ukangotha makwerekwere nonse, kutanthauza ife obwera, muziona msana wa njira. Sanali mawu oti n'kuwaseka, chifukwa May 2008 inali isanaiwalike, zija zinayambira ku Alexandra n'kufalikira dziko lonse, anthu opitirira 60 anaphedwa, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi ali chimanjamanja. Achimwene anga anagona pabwalo la polisi masiku angapo nthawi imeneyo, sakonda kuikamba. Nde tangoganizani, masana ukugwedeza dzanja la kanyalugwe komwetulira kolandira dziko lonse, madzulo mzimayi wogulitsa naye malo amodzi akukuuza moseka kuti "wapakira kale?" Amati mlendo ndi mame, koma pamenepa sunkadziwa kuti mame ndi ndani, azungu a World Cup aja kapena ife.

Sabata ya fainolo, Spain isanamenye Netherlands 1-0 chigoli cha Iniesta pa 11 July, tinapita ku Park Station kukatumiza katundu kumudzi kuti zikavuta tithawe opepuka. Kunali Amalawi ndi Azimbabwe mbwee, aliyense ndi matumba aja a mizeremizere. Ine ndinatumiza bulangete, wailesi, mapoto awiri, ndipo pamwamba ndinaponyapo Zakumi mmodzi amene anakanika kugulika chifukwa diso lake linali lopenya kumbali. Zachiwawa zikuluzikulu zomwe tinkaopa sizinafike komwe tinkakhala, ndinakhalabe ku Joni zaka zina zinayi. Koma chidolecho chinafika ku Balaka, amayi n'kuchiika m'kabati, osandiuza.

Chibwerereni kuchokera ku Balaka ndakhala ndikuunguza pa foni za zidole zinazi, bundle kuthera zimenezi, akazi anga mpaka kundifunsa ngati ndili bwinobwino. Woyamba pa World Cup anali Willie, mkango wa ku England mu 1966, ndipo England inatenga chikho chaka chimenecho, mwina n'chifukwa chake aliyense anatengera. Kenako kunabwera timanyamata, Juanito wa ku Mexico mu 1970 ndi chipewa chake chachikulu, Tip ndi Tap a ku West Germany mu 1974, Gauchito wa ku Argentina mu 1978. Spain mu 1982 inangotenga lalanje n'kuliveka jezi, Naranjito, ndipo ine ameneyu ndimamukonda, alibe matama, lalanje lonenepa losangalala basi. Mexico mu 1986 inabweretsa tsabola wa ndevu dzina lake Pique. Italy mu 1990 ndiye kaya anaganiza chani, anangolumikiza timabokosi ta mitundu ya mbendera yawo n'kuika mpira pamutu, ati Ciao, chinthu chopanda maso chopanda pakamwa, ukachikweza pa windo la galimoto mwana angayambe kulira zenizeni. Ine monga katswiri wa pa loboti ndikuti chimenecho sichikanagulika. America mu 1994 galu, France mu 1998 tambala wabuluu Footix. Tambala ameneyo kwathu kuno sangatheke, mungoyamba kumva kuti mpikisano walowa ndale.

Amene ndimamumvera chisoni ndi Goleo wa ku Germany 2006. Choyamba anali mkango, pamene chizindikiro cha Germany ndi chiwombankhanga, mkango ndi wa adani awo a ku England. Chachiwiri anamuveka jezi koma osamuveka kabudula, chimkango chachikulu chikuyenda pagulu kumunsi kulibe kanthu, anthu anachiseka koopsa. Ndipo kampani ya ku Germany yomwe inagula chilolezo chosoka zidole zake inagwa mpikisano usanayambe n'komwe. Nditawerenga zimenezo mtima unakhala pansi, si ife tokha amene tinaluza pa geni ya zidole.

Wa ku Brazil 2014, Fuleco, nkhani yake ndi yowawa mwa mtundu wina. Anali kanyama kamene kamadzipinda n'kukhala ngati mpira kakaopsedwa, kofanana ndi ngaka yathu ija, ndipo kakutha m'nkhalango za kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Dzinalo analumikiza mawu a mpira ndi a chilengedwe, nde anthu oteteza nyama anasangalala kuti mwina kanyamaka kapindula. Mpikisano usanathe omwewo anali akudandaula kuti zidole zagulitsidwa zambirimbiri koma kanyama kenikeni sikanaonepo kanthu kooneka. Ndinakumbuka a COSATU aja. Nyalugwe wa ku South Africa nayenso sindikukhulupirira kuti anamva kuti kunali World Cup. Russia mu 2018 inasankha mmbulu wovala magalasi, Zabivaka, ndipo ameneyu anthu anachita kumuvotera pa intaneti, anapikisana ndi mphaka komanso kambuku wa mizere uja. Qatar 2022 La'eeb, nsalu yoyera ija amuna achiarabu amavala kumutu, ikuuluka yokha, nde pa Facebook aliyense amati mzukwa. Mwana wanga atamuona pa foni anati "chipukupuku", ndinalephera kumutsutsa. Ya 2026 poti mayiko ndi atatu zidole nazonso zitatu, Maple chinyama cha nyanga zotambalala cha ku Canada, Clutch chiwombankhanga cha ku America, ndi Zayu wa ku Mexico amene ukamuyang'ana bwino ndi msuweni wake wa Zakumi, mawanga omwewo. Zonse zosalala bwino ngati zotuluka mu gemu ya pa kompyuta, zokongola inde koma ine sizikundigwira.

AFCON nayo imakhala nazo zake, kungoti sitizilabadira. Chaka chomwecho cha 2010 mu January, ma Flames akuthibula Algeria 3-0 ku Luanda, mascot anali Palanquinha, mphalapala ya ku Angola. Ku Cameroon kuja Gabadinho anamenya chigoli cha patali chija motsutsana ndi Morocco kunali mkango dzina lake Mola, ku Ivory Coast njovu Akwaba. Funsani munthu aliyense pa Chichiri kapena pa Bingu za Mola, palibe angamukumbuke, koma chigoli cha Gaba aliyense akuuzani komwe anali. Nthawi zina ndimaganiza kuti tsiku lina ife titachititsa mpikisano waukulu tingaike chani. Nkhwazi a Zambia atilanda, mkango ndi nyalugwe zili kale pa chidindo cha boma koma zatengedwatengedwa. Ine ndikuti chambo. Vuto n'loti chambo chilibe miyendo, nde munthu wa mkatimo azivina bwanji, komanso anthu akuno akachiona ayamba kufunsa kuti chikuyenda bwanji mtengo.

Za munthu wa mkati zija, ndinamuonapo mmodzi. Sanali Zakumi weniweni, anali mkango wa shopu ina yomwe inkatsatsa malonda ake pa mall nthawi ya World Cup yomweyo. Ndinazungulira kuseri kukafuna madzi, ndikupeza mkango wakhala pa kreti, mutu wavula waika pambali, ndi mnyamata wa ku Zimbabwe woonda ngati ine, thukuta kamukamu mu June mozizira muja, akudya buledi wouma ndi manja a mkango omwewo chifukwa kuvula magolovesi kunali kovuta. Anandiuza kuti amaonera pakamwa pa chidolecho, pa kaneti kakuda, ndipo saloledwa kuyankhula ngakhale mwana amukoke mchira kapena amumenye chibakera m'mimba. Atamva mapazi akubwera anavala mutu msangamsanga buledi ali m'kamwa, n'kuimirira kuyamba kugwedeza dzanja. Ine wokulira kufupi ndi dambwe zinandikumbutsa zina zake zomwe sitikamba pagulu, ndingoti kwathu amene waona zoterezi amatseka pakamwa. Ndinamusiyira botolo langa la madzi pa kreti paja.

Tsono ku Balaka kuja, nditamulanda mwana chidole kuti ndichione bwino, ndinazindikira kuti kabudula si wake uja wobiriwira. Ndi kachitenje ka maluwa, kosokedwa pamanja, mpaka kalamba kake. Ndinati "amayi, ichi n'chiyani?" Iwo osatekeseka n'komwe, ati makoswe anadya kabudula wake chaka cha njala chija, nde sakanamusiya wamaliseche m'kabati moti alendo amaona. Ndinawauza za Goleo wa ku Germany, sanaseke, anangoti azungu alibe manyazi. Mwana uja anayamba kuchonderera kuti apite nako ku Blantyre, "agogo ndipatseni, ndizikagona nako", ine ndikuti mupatseni amayi n'kachabechabe aka, sikanagulike ndi R10 yomwe. Amayi anandiyang'ana kaye nthawi yaitali. Ati katundu uja atafika pa basi popanda mwini wake, ndipo pa wailesi akunena kuti ku Joni kukhoza kuyambikanso, iwo anatenga kagalu aka n'kukaika pomwe azikaona tsiku lililonse mpaka ine nditabwera. Mpaka lero amati ndi kagalu. Anakatenga m'manja mwa mdzukulu wawo, kukapukuta ndi nsonga ya chitenje, kukabwezera pakati pa mbale za alendo zija n'kukhoma kabati, kiyi n'kumangirira pa mpango. Mwanayo anamupatsa nzimbe.